Za Umoyo m'Banja: Nsomba Ipse Kufikira ku Minga

Nsomba ndi ndiwo yabwino yolimbitsa thupi, ndipo ambiri a ife timaidya kawirikawiri, makamaka pa masiku Acisanu a m'nyengo ya Lenti. Koma tidziwe kuti mnofu wa nsomba yosapsa ungathe kubisa nyongolotsi zazing'ono zimene maso sangazione msanga.

Imodzi mwa izo icedwa Gnathostoma. Imakhala m'mimba mwa agalu ndi amphaka, ndipo mazira ace amagwera m'madzi pamodzi ndi ndowe. Tizilombo ta m'madzi timameza ana oswedwa m'mazirawo, nsomba zimadya tizilomboto, ndipo munthu wodya nsombayo yaiwisi alandira mlendo woipa. Nyongolotsiyi imayenda pansi pa khungu: lero potupa ndi kuyabwa pali pamkono, sabata yamawa pali pamsana. Nthawi zina imafika m'diso kapena ku ubongo. Nthendayi imadziwika kwambiri ku Thailand ndi ku Mexico, koma m'caka ca 2003 madokotala analemba za alendo awiri amene anaitenga kuno kwathu, atadya nsomba yaiwisi ya mu mtsinje wa Zambezi.

Kumpoto cakum'mawa kwa Thailand ndi ku Laos kuli nyongolotsi yina yokhala m'njira za ndulu m'ciwindi, imene patapita zaka imabala khansa. Ku Finland ndi ku Russia kuli njoka ya m'mimba yocokera ku nsomba, yotha kutalika mamita 10 ndi kucepetsa magazi.

Phunziro lace ndi limodzi: madzi a mandimu, mcere, tsabola ndi utsi wa kanthawi kocepa sizipha nyongolotsizi. Cozipha ndico moto. Cotero amai pophika, ndi abambo pootca nsomba kudooko, tiyembekeze kufikira mnofu wonse utayera ndi kulekana ndi minga mosabvuta. Nsomba yaikulu tiidule nthuli, pakuti pambaula kunja kumapserera pamene m'kati muli mwazi. Youma nayonso iphikidwe. Matumbo ace tiwakwirire, tisaponyere agalu ndi amphaka. Ana tisawalole kulawa ya pamoto isanapse.

Tisasokoneze nthendazi ndi likodzo, limene limalowa pakhungu posamba m'madzi a nkhono. Wina akaona cotupa cosamukasamuka, apite ku cipatala nakafotokoze nsomba imene anadya, pakuti mankhwala ace alipo. Kudikira pang'ono pamoto kuposa kugona m'cipatala.