Wophunzira Wanu wa AI Angafotokoze Chifukwa Chake?

Inu amene mumakhala pansi kukonza maphunziro a kompyuta m'mayunivesite, tiyankheni. Wophunzira wanu wa AI akavala mkanjo n'kutuluka ndi digiri, kodi angathe kufotokoza chimene makina ake aperekera yankho lakutilakuti? Kapena chomwe akudziwa n'kuthira deta mu pulogalamu ya Python yolembedwa ndi ena, n'kudikira zotuluka? Nanga yankholo likalakwika, mwamuphunzitsa kuti azikayang'ana pati?

Njira yophunzitsira zimenezi ilipo, ndipo mukuidziwa. Mu 1972, ku Marseille, Alain Colmerauer ndi Philippe Roussel anapanga Prolog, motsamira ntchito ya Robert Kowalski wa ku Edinburgh. Mu Prolog munthu sauza kompyuta kuti chita ichi, kenako icho. Amaipatsa mfundo ndi malamulo, ndiyeno n'kuifunsa funso. Iyo imafufuza yokha. Ikakakamira imabwerera m'mbuyo kukayesa njira ina, ndipo paliponse pamene yaponda munthu akhoza kupaona.

Taganizirani phunziro loyamba, la chibale. Wophunzira alembe lamulo lonena kuti malume ndani. Akalemba mwaulesi kuti ndi m'bale aliyense wamwamuna wa kholo, kompyuta idzamubwezera bambo aang'ono ngati malume. Akaiwala kunena kuti munthu sangakhale m'bale wa iye mwini, idzamuuza kuti iyeyo ndi m'bale wake yekha. Palibe pobisala. Cholakwa chili pamzere umene walemba ndi dzanja lake, ndipo achipeza. Kodi ndi phunziro liti lina la AI limene limamugwira wophunzira pamkono chonchi m'sabata yoyamba?

Mudzati Prolog inatha fasho. Mudzatchula Japan, imene kuyambira 1982 inathira ndalama zambiri kwa zaka 10 mu ntchito ya Fifth Generation, yomangidwa pa nzeru yomweyi, koma osakolola zomwe inalonjeza. N'zoona. N'zoonanso kuti Prolog siizindikira nkhope pachithunzi, siimva mawu a munthu. Pamenepo makina ophunzira kuchokera ku deta anaiposa kutali, ndipo ophunzira ayenera kuwadziwa. Koma nanga makina a Watson a IBM, amene anagonjetsa akatswiri a mpikisano wa Jeopardy! mu 2011, sanagwiritse ntchito Prolog posanthula mafunso? Nanga ku New York mu 2023, pamlandu wa Mata ndi Avianca, maloya analipitsidwiranji madola 5,000? Anapereka kukhoti milandu yoti sinachitikepo, yopekedwa ndi ChatGPT. Makinawo analankhula mosadodoma, ndipo panalibe mzere woti wina autsate n'kuona pamene bodza linalowera. Kodi mukufuna kutulutsa anthu odziwa kugwira bodza lotere, kapena ongolinyamula kukapereka kwa abwana?

Mudzatinso zipangizo palibe. Apa ndiye mawu anu akutsutsana okha. Chaka ndi chaka mumadandaula kuti mulibe makompyuta amphamvu a GPU, kuti intaneti ndi yodula, kuti magetsi amathima. SWI-Prolog, imene Jan Wielemaker anayamba ku Amsterdam mu 1987, ndi yaulere. Imayenda pa laputopu yakale, popanda bandulo. Bwanji mukulirira chimene simungagule, n'kumanyalanyaza chimene chili kale m'manja mwanu?

Ndipo inu amene munganene kuti ife timaiphunzitsa, timve bwino. Mumaipatsa masabata angati? Kodi si awiri otsiriza a semesita, pamene aliyense mtima uli pa mayeso? Imaphunzitsidwa mu labu kapena pabolodi ndi choko? Pamayeso, mumamuuza wophunzira kuti alembe pulogalamu yoyenda, kapena kuti alakatule matanthauzo oloweza? Mwamuonetsa kuti Prolog ikalephera kutsimikiza chinthu imachitenga ngati chabodza, ndi ngozi imene ili m'menemo pamene mfundo zina sizinalembedwe? Kuilemba pa silabasi si kuiphunzitsa.

Mu 1986, Marek Sergot, Kowalski ndi anzawo ku Imperial College ku London anasindikiza ntchito yawo yolemba lamulo la unzika la Britain la 1981 ngati pulogalamu, kuti kompyuta iziti uyu ndi nzika, n'kuonetsa ndime imene yatsamira. Zaka zonsezi zapita. Ndi ophunzira anu angati amene anayesapo zotere ndi malamulo a ngongole za ophunzira, kapena a malipiro a wantchito wochotsedwa? Mawa banki kapena ofesi ya boma ikagula makina okana munthu ngongole kapena thandizo, iye n'kufunsa kuti mwandikaniranji, ndani mwa amene munawaveka mikanjo adzaimirire kumuyankha?