Kodi Ana Athu Akuphunzitsidwa ndi Yani?



1. Kuyambira mu 1965, dziko lathu linakhala zaka zoposa 30 lili ndi sukulu ya ukachenjede ya boma imodzi yokha, University of Malawi. Kenaka kunabwera Mzuzu University, LUANAR ndi MUST ya ku Thyolo, ndipo mu 2021 University of Malawi inagawidwa patatu. Sukulu zomwe si za boma nazo zachuluka, kuphatikizapo yathu ya ku Nguludi imene inatsegulidwa mu 2006. Izi nzoyamikika.

2. Komabe tikuona ndi chisoni kuti atsogoleri athu akamadzitama pa za maphunziro, amawerenga nyumba ndi mayina a sukulu, osatchulako aphunzitsi. Makolo athu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyumba ya Malamulo ikhoza kukhazikitsa yunivesite tsiku limodzi, koma kuti munthu akhwime mpaka kuphunzitsa bwino pamafunika zaka zambiri, ndalama ndiponso akuluakulu omuwongolera.

3. Ena mwa aphunzitsiwa amaimikidwa kutsogolo kwa kalasi atangolandira kumene digiri, popanda wowaphunzitsa kaphunzitsidwe. Ena, pofuna kuonjezera malipiro, amathamangira m'sukulu ziwiri kapena zitatu pa sabata, kuwerengera ophunzira manotsi omwe aja a chaka chatha. Kodi wotereyu apeza kuti nthawi yochita kafukufuku kapena yochonga mayeso mosamala? Mayi amene wagulitsa mbuzi ndi chimanga kuti alipire fizi akunamizidwa. Mawa odwala athu ndi milatho yathu zidzakhala m'manja mwa achinyamata ophunzitsidwa mwachidule.

4. Mphunzitsi wamantha nayenso saphunzitsa zoona. Tisaiwale kuti Jack Mapanje wa ku Chancellor College anatsekeredwa m'ndende kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Mu 2011, mkulu wa apolisi anaitanitsa Blessings Chinsinga kukamufunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, ndipo mkangano umene unabuka unaimitsa maphunziro kwa miyezi yambiri. Amene analuza kwambiri anali ophunzira.

5. Nchifukwa chake tikupempha boma kuti lisakhazikitsenso yunivesite ina lisanaike mu bajeti ndalama zosulira aphunzitsi ake. Bungwe la NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, liziona mmene maphunziro akuperekedwera m'kalasi, ndipo zimene lapeza lizilengeza poyera. Pokweza aphunzitsi pantchito, akuluakulu a sukulu aziganizira luso lawo pophunzitsa, posayang'ana chipani kapena kochokera. Sukulu za mipingo ziyambe ndizo kudziyesa pa muyeso womwewu.

6. Inu makolo, musanalipire fizi, funsani: adzaphunzitse mwana wanga ndani, anaphunzira mpaka pati, ndipo m'kalasi muli ophunzira angati? Funsaninso phungu wanu akabwera kudzapempha voti. Ndalama zake nzanu, ndipo ananso ndi anu.