Mulingo wa mowa kwa madalaivala utsike

Lamulo la pamsewu la dziko lino, Road Traffic Act la mchaka cha 1997, limaletsa munthu kuyendetsa galimoto kapena njinga yamoto ngati mowa m'magazi mwake wafika magalamu 0.08 pa mamililita 100 aliwonse. Khoti likamupeza wolakwa atha kulipitsidwa chindapusa, kupita kundende kapena kulandidwa laisensi. Ife tikuti mulingo umenewu wakwera kwambiri, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo autsitse.

Chifukwa chake chili m'thupi momwemo. Mowa umafika ku ubongo pakangopita mphindi zochepa, ndipo umayamba wasokoneza nzeru miyendo ikadali yolimba. Munthu sakudzandira, akulankhula bwinobwino, koma phazi likuchedwa kufika pa buleki, maso sakuyeza bwino kutalika kwa galimoto yomwe ikubwera kutsogolo, ndipo mtima ukumunamiza kuti apitirira lole asanafike pokhota. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiopsezo cha ngozi chimakwera kwambiri mowa ukangofika 0.04, theka chabe la mulingo wathu. N'chifukwa chake limalangiza maiko kuti asapyole 0.05. Ku South Africa, komwe ana athu ambiri akugwira ntchito, mulingo ndi 0.05, ndipo kwa oyendetsa mabasi ndi malole ndi 0.02. Nako ku Scotland anatsitsa kuchoka pa 0.08 kufika pa 0.05 mchaka cha 2014.

Taganizani za msewu wa M3 pamene wadutsa pa Songani, Domasi ndi Malosa. Msewu womwewo muli maminibasi a ku Liwonde, ana asukulu, amayi osenza nkhuni, ndiponso akabaza onyamula mayi ndi khanda kumsana. Wanjinga yamoto alibe chitsulo chomutchinga. Akagwa, chimene chimagunda phula ndi mutu wa mwana uja. Munthu wonyamula anthu kuti apeze ndalama, kaya ndi wa minibasi kaya wa kabaza, lamulo limuikire 0.02.

Pali bodza lina lomwe lafala, loti ukasamba madzi ozizira, kumwa khofi kapena kudya nsima yotentha mowa umatha. Ayi ndithu. Chimene chimachotsa mowa m'magazi ndi chiwindi, ndipo sichifulumizidwa: chimatsitsa pafupifupi 0.015 pa ola. Amene wagona pakati pa usiku ali pa 0.15, pofika 5 koloko m'mawa amakhala akadali cha m'ma 0.075. Lamulo la lero limulola kuliza injini, chonsecho ndiye amene akukanyamula ana opita kusukulu. Kachasu ndiye amavuta koposa, poti mphamvu yake siidziwika ngakhale kwa wotcheza mwini wake.

Ena amati kutsitsa mulingo n'kupatsa apolisi a pamsewu mpata wozunza anthu. Nkhawayi ndi yomveka, koma mankhwala ake ndi kuyeza moona, ndi makina oyezera mpweya okwanira komanso oyenda bwino, osati kungonunkhiza m'kamwa. Womangidwa ali ndi ufulu wake. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limati auzidwe chimene wamangidwira, akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, komanso apeze loya. Wosowa ndalama atha kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Loya atha kufunsa ngati kuyezako kunachitika motsata ndondomeko. Koma mawu oti "ndinangolawa pang'ono" sangafute nambala yomwe magazi asonyeza.

Podikira aphunguwo, makolo musakweze mwana pa kabaza wonunkha mowa, ngakhale akhale mphwanu. Inu alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya, gwiritsitsani ichi: munthu amene wagwa pa njinga ataledzera musamugoneke m'nyumba kuti mowa uthe. Kusanza, kusinza ndi kulankhula zosamveka n'zizindikiro za kuledzera, komanso n'zizindikiro za magazi amene akuchucha m'kati mwa mutu, ndipo ndi maso okha simungasiyanitse. Musamugwedeze khosi, musamumwetse kanthu. Mutengereni msanga ku chipatala cha Domasi kapena cha St Luke's ku Malosa, komwe akaona ngati n'koyenera kumutumiza ku Zomba Central.