Msonkho wa makampani akuluakulu ndi thumba la mlimi wa ku Chifunde

Chiyambireni chisankho cha mu Okutobala 2024, nkhani ya ulova ndi misonkho yakhala pakamwa pa zipani zonse. Mu Nyumba ya Malamulo, Frelimo ili ndi mipando 171, Podemos 43, Renamo 28 ndipo MDM 8, koma funso limene likuwagawa ndi limodzi: kodi boma lichepetsere msonkho ndani, nanga lithandize ndani?

Ku Mozambique kulibe ndalama ya mwezi ndi mwezi ya munthu wosowa ntchito. INSS imathandiza amene ankasonkha pa malipiro awo akakalamba, akadwala kapena akalumala. Mlimi wa chimanga kapena fodya ku Mualadzi ndi ku N'sadzo nthawi zambiri sali m'gululi. Chimene chimafika kumudzi ndi thandizo la INAS kwa okalamba ndi olumala, loyambira pa 540 meticais pamwezi, ndipo nalonso limachedwa kawirikawiri.

Kumbali ina, makampani akuluakulu anapatsidwa mwayi wolipira msonkho wochepa kuti abwere m'dziko muno. Mozal, imene inayamba kupanga aluminiyamu mu 2000, ndiyo imatchulidwa kwambiri. Oteteza ndondomekoyi amati popanda nyambo yotere makampani akanapita kwina. Otsutsa, kuphatikizapo Venâncio Mondlane, akhala akunena kuti mapanganowa awunikidwenso chifukwa chuma chikutuluka, achinyamata ali pa ulova.

Boma limaloza zimene linachita: mu 2023 msonkho wa IVA unatsika kuchoka pa 17 kufika pa 16 peresenti, ndipo makampani a zaulimi anachepetseredwa msonkho wa phindu kuchoka pa 32 kufika pa 10 peresenti. Koma kuchepetsaku kumapindulira amene ali ndi kampani yolembetsedwa. Mlimi wogulitsa matumba ochepa a chimanga pafupi ndi malire a Cassacatiza amachimva pokhapokha mtengo wa feteleza ukatsika kapena wogula akakweza mtengo.

Chimene chikukhudza Tete mwachindunji ndi lonjezo lakuti 10 peresenti ya msonkho wa migodi ibwerere kuchigawo kumene miyala ikukumbidwa. Malasha a ku Moatize akutuluka tsiku ndi tsiku. Pamisonkhano ya m'madera, anthu a ku Chifunde ali ndi ufulu wofunsa kuti ndalamazo zafika zingati, ndipo zakonza msewu uti, chipatala chiti. Yankho la funso limeneli ndi limene lidzasonyeze chipani chimene chikunena zoona.