Kalata kwa Bwanamkubwa wa boma la Phalombe

Bwana DC,

Kuno kwa Chiwalo vuto silibwera lokha, limakoka linzake. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya, ndipo moyo wake uli m'mitsinje monga Phalombe ndi Sombani. Inaphwa mu 1968, mu 1995 ndiponso mu 2018. Ikaphwa, matemba ndi milamba zimasowa, ndiye msodzi amasiya bwato n'kunyamula nkhwangwa, poti ana kunyumba sangadikire kuti madzi abwerere. Mitengo ikatha kumtunda, mvula imakokolola dothi n'kukwirira mitsinje ndi nyanja yomweyo. Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anapeza nthaka ili pambalambanda.

Chonsecho thandizo limatifika lili zigawozigawo. A zausodzi amatseka nyanja nyengo yamvula kuti nsomba ziswane, ndipo akulondola. A zankhalango amaletsa kuwotcha makala, nawonso akulondola. Alangizi amatilimbikitsa ulimi wa m'madimba kuti tikolole kawiri, ngakhale kuti madimba ambiri ali m'mbali mwa mitsinje imene tikuuzidwa kuti tiiteteze. Malangizo onsewa amagwera munthu mmodzi, m'miyezi imene nkhokwe ilibe kanthu. Munthuyo akaphwanya lamulo timati ndi wosamva, pamene wangosankha lamulo limene silimugonetsa ndi njala.

Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linaika nthambi zonsezi pansi pa khonsolo imodzi, ndipo inu ndinu woziyang'anira. Tikupempha kuti nyanja isanatsekedwe mudzabwere nazo ku Nambazo tsiku limodzi, zidzakhale pansi ndi mafumu, makomiti a m'madoko, komanso amayi oyanika ndi kugulitsa nsomba. Amayiwa amazindikira msanga kuti nyanja yayamba kubwerera m'mbuyo, chifukwa mtengo wa matemba umawauza lipoti lisanalembedwe.

Pamsonkhano umenewu mungagwirizane zambiri. Mwachitsanzo, ntchito za mthandizi zitagwa m'miyezi imene nyanja yatsekedwa, ndipo ntchitozo n'kukhala zodzala ndi kusamalira mitengo m'mbali mwa Sombani, msodzi angapeze ya ufa osagwira nkhwangwa. Musayambe ndi boma lonse. Yesani m'midzi ingapo, mudzabwerenso pokolola kudzamva zimene zatheka ndi zimene zakanika, ndipo pulani isinthidwe popanda wina kuimbidwa mlandu. Nyanja imene imadzadza ndi kuphwa mosapanganika siingayendere pepala losasinthika la zaka zisanu.

Nyanjayi timagawana ndi anzathu a ku Zomba, Machinga ndi Mozambique, choncho tikupemphanso kuti pamsonkhanowo muwasungire mipando.

Ine wanu,
Mwana wa kwa Chiwalo