Wokonza galamafoni ni katswili kapena wowononga? Funsani kumene zitsulo zakale zapita

Anthu osunga magalamafoni akale muno mu Livingstone ni ocepa, onse angakwane m'minibasi imodzi. Koma mkangano umene ali nawo masiku ano ni waukulu. Nkhani yake ni ya amdala ena okonza makina amenewa, amene sinidzawachula dzina. Gulu lina likuti ni akatswili, cifukwa galamafoni imene inakhala cete zaka zambili imacoka m'manja mwawo ikuimba. Gulu lina likuti ni owononga, ena afika powacha akawalala, cifukwa ukatsegula mkati upeza kuti zitsulo zina si za poyamba. Ine niona kuti mbili ya mmisili iyenela kupimidwa na cinthu cimodzi: kodi amakuuza zoona pa zimene wacotsamo na zimene waikamo?

Ambili a ise tinabadwa makaseti atafika kale, conco tiyeni tiyambe taona mmene makinawa amagwilila nchito. Galamafoni yopukusa siifuna malaiti kapena mabatili. Ukapukusa handulo, umamanga sipuling'i yaitali imene ili m'kacitini mkati. Sipuling'iyo ikamamasuka ndiye imazungulitsa mbale. Pali kacipangizo kochedwa governor kamene kamasunga liwilo kuti mbale izizungulila maulendo 78 pa mphindi. Singano ya citsulo imayenda m'mizele ya mbale, n'kugwedeza kacikopa kopyapyala ka mica kapena aluminiyamu kamene kali mu soundbox, ndiye mawu amatuluka. Mbali imodzi ya mbale imatha pa mphindi zitatu cabe, basi upukusenso.

Manje ganizilani zaka za makinawa. Kasutukesi kochuka ka HMV 102 kanayamba kupangidwa mu 1931. Pa zaka zonsezi gilisi wa mkati amauma n'kukhala ngati phula, ndipo sipuling'i imayamba kugunda kapena kuduka. Labala wogwila kacikopa ka mu soundbox amalimba, nyimbo n'kumamveka ngati njuci m'citini. Ma soundbox ena anapangidwa na citsulo cosakaniza cimene cimafufuma na kung'ambika cokha cikakalamba, moti ukangoti umasule sikuluwu cimaphwanyika. Kodi mmisili wa ku Maramba kapena ku Dambwa adzagula kuti zitsulo zatsopano? Palibe shopu ya zimenezi pa Mosi-oa-Tunya Road. Kuitanitsa ku UK kapena ku South Africa kungadye ndalama zoposa mtengo wa makinawo. Ndiye amacita zimene amisili a kuno akhala akucita kuyambila kale: amaboolanso sipuling'i yoduka n'kuikoleka, amadula labala wina, amatenga citsulo ku makina ena akufa. Ndipo nchitoyi si maseŵela. Sipuling'i ija ikapulumuka m'kacitini ingakudule zala.

Koma amene akudandaula nawonso ali na mfundo, tisawaseke. Kwa munthu wosunga zinthu zakale, mtengo wa galamafoni uli pa zitsulo zake za poyamba. Ukasintha soundbox ya HMV n'kuikapo ya kampani ina, makinawo angaimbe ndithu, koma mtengo wake watsika. Cina, soundbox yabwino payokha ni ndalama, conco mmisili wosakhulupilika angathe kuicotsa, n'kuika yochipa, mwiniwake osadziŵa. Tauni yathu ni ya alendo, ndipo kumene kuli alendo zinthu zabodza sizisoŵa. Padziko lonse pali magalamafoni a lipenga lonyezimila la mkuwa, opangidwa ku India na zitsulo zotolatola, oikidwa cizindikilo ca kagalu ka His Master's Voice kuti aoneke akale. Munthu amene anapusitsidwapo na zotele amakayikila aliyense wogwila sikuludilaiva. Ndiponso kwa mabanja ena makinawa ni cinthu cokhaco cimene ambuye anasiya. Ukacotsamo kanthu osawauza, wawalanda cimene ndalama sizingabweze.

Apa m'pamene magulu aŵiliwa amaphonyana. Wina anapeleka makina kuti aimbe pa cikwati, wina anapeleka kuti akhale monga anacokela ku fakitale. Izi ni nchito ziŵili zosiyana, za mitengo yosiyana. Ngati sizinakambidwe poyamba, aliyense adzacoka wokwiya ngakhale mmisili atagwila nchito na mtima wonse. Conco pofuna kudziŵa ngati munthu ni mmisili woona, onani zinthu zitatu. Coyamba, asanagwile akuuzeni cimene cafa na cimene adzasintha. Caciŵili, akubwezeleni zitsulo zonse zakale, ngakhale zoduka, m'kapulasitiki. Cacitatu, asacite cinthu cosatheka kubweza, monga kuboola bokosi kapena kuocelela, musanavomele. Amene amacita zitatuzi ni wokhulupilika, ngakhale ataikamo labala wa njinga. Amene amabisa zitsulo zakale, ameneyo ayankhe mlandu, ngakhale makina ataimba bwino bwanji.

Palinso milandu ina imene amisili amasenzetsedwa pamene wolakwa ni mwini makina. Singano ya citsulo inapangidwa kuti iimbe mbali imodzi ya mbale, kenako itayidwe. Ukaimbitsa singano imodzi mwezi wonse, imasanduka cezulo n'kupala mizele. Colakwa cacikulu ni kuika lekodi ya pulasitiki pa galamafoni yopukusa. Mbale za 78 zinali za shellac, zolimba komanso zolemela. Ma LP, amene anayamba mu 1948, na tuma 45 ni vinyl yofewa. Soundbox imakanikiza singano na kulemela kopitilila magalamu 100, pamene makina a malekodi a vinyl amafuna magalamu aŵili kapena atatu cabe. Kuimba kamodzi kokha, lekodi yatha. Ku wailesi kumene nimathandiza, anthu amabweletsa malekodi a makolo awo kuti tiwaimbile, ndipo ena amafika atapalika conco. Zimaŵaŵa cifukwa malekodi a Zamrock a m'ma 1970, a WITCH, Amanaz na Ngozi Family, ambili opangidwa ku Teal ku Ndola, lelo akusakidwa na anthu akunja. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inacita kutulutsanso nyimbozi, ndipo Jagari Chanda anabwelelanso pa siteji m'maiko akutali. Musanaimbe mlandu wokonza, yambani mwafunsa kuti ndani anaimbitsa lekodiyo ndipo pa makina otani.

Mwina mukuti, ise a mafoni zitikhudza bwanji? Nkhani yake ni imodzimodzi na ya mnyamata wokonza mafoni pa maliketi. Nonse munamvapo kuti uje amacotsa sikilini ya orijino n'kuika ya gong'a. Nthawi zina ni zoona, nthawi zina ni mphekesela imene munthu mmodzi wokwiya anaponya pa WhatsApp, n'kutseketsa bizinesi ya mnzake. Kusiyana kwake n'kwakuti okonza mafoni ni ambili, koma odziŵa sipuling'i ya galamafoni atsala oŵelengeka. Livingstone inali likulu la dziko mpaka 1935, ndipo pambuyo pa ufulu inali na fakitale ya mawailesi ya ITT Supersonic komanso yomanga magalimoto a Fiat. Mafakitale aja anatseka, luso linatsala m'manja mwa anthu amene tsopano ni nkhalamba. Tikaipitsa dzina la mmodzi popanda umboni, iye adzangotseka bokosi la zipangizo, ndipo palibe mwana amene adzapita kukaphunzila kwa munthu amene tauni yonse ikumucha mbava. Mbale za Alick Nkhata zimene zili m'masutukesi a ambuye zidzasoŵa poimbila.

Sinikunena kuti tizibisa wakuba cifukwa ni wacikulile. Nikunena kuti mlandu ufuna umboni. Musanapeleke makina, jambulani na foni mkati na kunja, makamaka soundbox na injini. Lembani pa kapepala zimene mwagwilizana na mtengo wake. Pokatenga, pemphani zitsulo zakale. Ngati cina casoŵa, pitani kwa amdalawo na munthu wacitatu, muwafunse mwaulemu kuti, "Atate, cija cinali apa cili kuti?" Yankho lawo ndilo lidzakuuzani mbili yawo. Ndipo ngati ayankha bwino, tumizani mng'ono wanu akakhale pambali pawo pa Ciŵelu, aziwapatsila sikuludilaiva na kuona mmene sipuling'i imaloŵela m'kacitini.