Kanyama kosamba fumbi

Mlungu uno mbuzi ndi nkhuku ziyambe zapuma, chifukwa ndabwera ndi nkhani ya kanyama kamene ambiri a inu simunakaonepo. Nkhaniyi ndaitola kwa mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg. Atabwera kudzationa, anandiuza kuti ntchito yake inatsala pang'ono kutha chifukwa cha beseni la madzi.

Abwana ake amaweta kanyama kotchedwa chinchila. Tsiku lina mnyamatayu anaona kanyamako kakugubuduzika m'mbale ya fumbi, ubweya wonse uli mbuu. Pofuna kuonetsa kuti iye ndi munthu waukhondo, anatenthetsa madzi natenga sopo. Mwayi wake, adona anatulukira iye atangokagwira kumene. "Atsibweni," anatero pondiuza, "kukuwa kumene anakuwa mayi aja, ndinayesa kuti nyumba ikupsa." Ndinaseka, koma pambuyo pake ndinaona kuti ngakhale ine ndikadachita chimodzimodzi. Ndipo ambiri a ife tili ndi ana ndi abale amene akusunga ziweto za eni m'mizinda ya kutali, choncho ndi bwino timudziwe mlendoyu.

Dzina lake likumveka ngati la Chichewa, koma si lathu ayi. Akuti linachokera kwa Achincha, mtundu wa anthu a ku Peru amene ankavala zikopa zake. Kwawo kwa chinchila ndi ku mapiri a Andes, ku South America, kumenenso kunachokera mbatata ya kachewere ndi mbira zimene ana amaweta m'makhitchini mwathu. Iye ndi mbirazo ndi pachibale. Ndi wocheperapo kwa kalulu, amalemera ngati theka la kilo, ali ndi makutu aakulu, ndevu zazitali ndi mchira wonga wa gologolo.

Mapiri a kwawo ndi ouma ndi ozizira kwambiri, ndipo achinchila ena amakhala pamwamba popitirira mamita 4,000, ngati mutasanjikiza mapiri awiri a Domwe. Usana amabisala m'ming'alu ya miyala, ambiri pamodzi. Dzuwa likalowa ndi pamene amatuluka kukadya udzu wouma, timbewu ndi masamba a zitsamba, ndipo madzi ambiri amawapeza m'mame ndi m'zomera zimene amadyazo.

Chimene chimamuteteza ku chisanu ndi ubweya. Pakhungu la munthu, dzenje limodzi limatulutsa tsitsi limodzi, koma pa chinchila dzenje limodzi limatulutsa ubweya wopitirira 50. Ubweya wothithikana chotere ukanyowa suuma msanga. Chinyezi chimatsalira kunsi pafupi ndi khungu, kanyamako kamazizidwa, kenaka kamagwidwa zipere ndipo ubweya umayamba kusosoka. N'chifukwa chake adona aja anakuwa. Kwawo chinchila amasamba m'phulusa losalala la mapiri ophulika, limene limachotsa mafuta ndi litsiro, monga mmene nkhuku zathu zimadzipukusira m'fumbi kuseri kwa nkhokwe. Oweta amagula fumbi lapadera m'sitolo namuikira m'mbale kawiri kapena katatu pa mlungu, kwa mphindi khumi, kenaka n'kuchotsa mbaleyo kuti asaipitsiremo.

Ubweya womwewo ndi umene umamupha kukatentha, pakuti chinchila satuluka thukuta. Kutentha kukangopitirira madigiri 27 moyo wake uli pangozi. Mudzamuona atagona chammbali, akupuma wefuwefu, makutu atafiira, ndipo pamenepo afunika kumusamutsira msanga pamalo pozizira ndi kuthamangira kwa dokotala wa ziweto. Munthu wachifundo amene angatulutse khola panja kuti kanyama kaothereko dzuwa, wakapha ndi manja ake. Ku Tete kapena ku Moatize, kumene m'mwezi wa Okutobala kutentha kumafika madigiri 40, chinchila sangapirire popanda makina oziziritsa m'nyumba.

Pa chakudya napo chifundo chathu chimalakwa. Ife tikafuna kusangalatsa kalulu kapena mbira timathyola masamba aawisi. Mimba ya chinchila inazolowera zouma. Mukamupatsa masamba aawisi ambiri, zipatso, mtedza kapena zotsekemera, mimba imatupa kapena amatsegula, ndipo kanyama kochepa chotere sikachedwa kufooka. Chakudya chake chenicheni ndi udzu wouma wosavunda, umene suyenera kusowa m'khola usana ndi usiku, kuwonjezapo pang'ono chakudya chogula chopangira achinchila, ndi madzi oyera. Udzuwo umagwiranso ntchito ina. Mano ake amakula moyo wake wonse, ndipo amaperepeseka pokhapokha akamatafuna udzu ndi kukukuta timitengo touma. Akasowa chokukuta mano amatalika n'kuyamba kumulasa m'kamwa, dovu limayenderera pachibwano, kudya amasiya. Mano a chinchila wathanzi amakhala achikasu chofiirira. Wina asadzawaone n'kuyesa kuti ndi litsiro lofunika mswachi.

Khola likhale lalitali, lokhala ndi matabwa okwerapo, chifukwa kanyamaka kamatha kudumpha pafupifupi mamita awiri. Usana musamudzutse. Pomugwira musamutsine ubweya, chifukwa umangososoka n'kutsala m'manja mwanu, iye n'kuthawa. Imeneyi ndi njira yake yopulumukira kwa nkhandwe ndi akadzidzi a kwawo.

Tsono chimene chinandidabwitsa ine ndi zaka zake. Mbira imakhala zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Chinchila wa kutchire amafika zaka 8 mpaka 10 ngati zilombo sizinamugwire, pamene wosamalidwa bwino m'nyumba amakhala zaka 10 mpaka 20. Wina dzina lake Radar anabadwira ku Germany mu 1985 nakafera ku California mu 2014, ali ndi zaka 29. Tangoganizani, bambo agulire chinchila mwana amene akuyamba kumene sukulu: mwanayo adzamaliza maphunziro, mwina n'kukwatira, bamboyo akadasakabe udzu wouma.

Nyama yokhalitsa chotere siswana mofulumira. Kalulu amakhala ndi bere mwezi umodzi basi, koma chinchila wamkazi amatenga masiku 111, ndipo kawirikawiri amabereka ana awiri okha, obadwa ali ndi ubweya kale, maso ali otsegula. Mbewa timazikumba chaka ndi chaka koma sizitha, chifukwa zimaswana ngati mchenga. Achinchila alibe mwayi umenewo. Pamene anthu olemera a ku Ulaya ndi ku Amereka anakonda zovala za ubweya wake, alenje anasesa mapiri onse, pakuti jasi limodzi lokha limadya zikopa zopitirira 100. Zikopa mamiliyoni zinatuluka m'dziko la Chile. Mu 1910 maiko a Chile, Peru, Bolivia ndi Argentina anapangana zoletsa kusakako, koma nyamazo zinali zitatsala pang'ono kutha, ndipo kusaka mobisa kunapitirirabe.

Oweta a masiku ano chiyambi chawo ndi munthu wa ku Amereka wogwira ntchito m'migodi ya ku Chile, dzina lake Mathias Chapman. Iye atalandira chilolezo cha boma anatha zaka akufunafuna, napeza achinchila 11 okha. Anatsika nawo m'mapiri pang'onopang'ono kuti azolowere mpweya wa kunsi, ndipo m'sitima ya pamadzi ankawaziziritsa ndi madzi oundana mpaka anafika nawo ku California mu 1923. Achinchila ambiri amene ali m'makola pa dziko lonse ndi zidzukulu za amenewo, mwina ndi uja anapulumuka beseni la ku Johannesburg yemwe.

A kutchire anthu anafika poganiza kuti anatheratu, mpaka pamene ena anapezeka m'ma 1970 pafupi ndi tauni ya Illapel ku Chile. Mu 1983 boma linapatula malo owatetezera kumeneko otchedwa Las Chinchillas. Mitundu yake ilipo iwiri, wa mchira wautali ndi wa mchira waufupi, ndipo yonse ili pa mndandanda wa nyama zimene zingathe kutha. Alenje anachepa, koma kwabwera mavuto ena: mbuzi zodya msipu wawo, anthu odula zitsamba ndiponso migodi. Mu 2020 kampani ya Gold Fields inayamba kusamutsa achinchila a mchira waufupi pamalo pamene inkafuna kukumba golide kumpoto kwa Chile. Mwa anayi oyamba kugwidwa awiri anafa, ndipo boma linaimitsa ntchito yosamutsayo.

Tsiku loti abwerere, mnyamata uja anandifunsa ngati ulendo wina angabweretse awiri, wamwamuna ndi wamkazi, kuti tiswanitse kuno, poti akuti kumeneko amagulidwa ndi ndalama zambiri. Ndinamufunsa kuti fumbi lija tidzaligula sitolo iti, mapepala a pamalire adzawatenga kuti, ndipo ndani m'mudzi muno adzatulutsa ndalama kugula kanyama kogona usana wonse kamene sitingakachite ndiwo. Anakanda kumutu. Tinagwirizana kuti adzabwere ndi bulangete.